Kusamutsa Windows kupita pa SSD yatsopano: ndipange clone kapena ndifomate?

Mayi_wa_Bureau
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi kaofesi kotaipa ndi kusindikiza kuno ku Zomba, ndipo ntchito yonse imadalira laputopu imodzi: HP ProBook ya Core i5 m'badwo wa 6, RAM 8 GB, hard disk ya 1 TB, Windows 10. Masiku ano ikuchedwa moti kasitomala amatopa pakauntala akudikira kuti Word itseguke. Ndagula SSD (disiki yachangu yosungira zinthu) ya 256 GB, ija yofanana maonekedwe ndi hard disk ya laputopu. Mnyamata wina akuti tingoikamo n'kufomata. Ine ndikuopa, chifukwa muli pulogalamu ya maakaunti, mafonti a makadi a ukwati ndi madalaiva a printa yakale. Zonsezi anandiikira munthu amene anasamuka kalekale, ndipo ma setup ake ndilibe. Pa hard disk pali zinthu za 410 GB. Kodi pali njira yosamutsira Windows momwe iliri, osataya kanthu?

Tsabola265
Fomatani basi amayi. Clone, ija yokopera disiki yonse momwe iliri, ndi kusamukira m'nyumba yatsopano mutanyamula ndi mphemvu za m'nyumba yakale.

Kanyimbi_IT
Achimwene Tsabola, mwawerenga bwino? Akuti ma setup alibe. Mukafomata, pulogalamu ya maakaunti ija mukaipeza kuti?

Tsabola265
Ikhoza kupezeka pa intaneti.

Kanyimbi_IT
Setup ikhoza kupezeka, koma laisensi yake? Nanga ikakhala version yakale yomwe eni ake anasiya kuigawa? Amayi, pa nkhani yanuyi clone ndiyo njira. Koma 410 GB singalowe mu SSD imeneyo. Ndipo dziwani kuti 256 GB yolembedwa pabokosi, Windows idzaionetsa ngati 238 GB, chifukwa opanga amawerengera m'ma 1000 pomwe Windows imawerengera m'ma 1024. Choyamba tiuzeni: mwa 410 GB imeneyo, zingati ndi zithunzi, nyimbo ndi mavidiyo?

Mayi_wa_Bureau
Ndayang'ana. Foda ya zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe yokha ili ndi 270 GB. Zinazo ndi zikalata za makasitomala, sizambiri.

Kanyimbi_IT
Ndiye nkhani yaphweka. Mukachotsa zithunzizo mutsala ndi pafupifupi 140 GB, ndipo zikwana bwino. Koma musazichotse musanazikopere kwina. Pezani hard disk yakunja, ngakhale yobwereka, mukopere zithunzi zonse pamodzi ndi zikalata za makasitomala ndi fayilo ya maakaunti. Mukatha, tsegulani mafayilo angapo pa disiki yakunjayo muone ngati akutsegukadi. Pokhapo m'pamene mungafufute pa laputopu.

Mphunzitsi_Dedza
Ndifunse nawo. Kusintha disiki sikuchititsa kuti Windows iziti si yovomerezeka? Kusukulu kwathu anthu amaopa zimenezo.

Kalulu_Mzuzu
Ayi aphunzitsi. Laisensi ya Windows 10 imamangirizidwa ku motherboard, osati ku disiki. Ndipo malaputopu ambiri omwe anatuluka ku fakitale ali ndi Windows 8 kapena yotsatira, kiyi yake inasungidwa mu firmware. Mungasinthe disiki kangapo, palibe vuto. Chomwe chimavuta nthawi zina ndi mapulogalamu ena ogula omwe amayang'ana nambala ya disiki. Amenewo akhoza kupempha kiyi kachiwiri ngakhale mwapanga clone. Amayi, tsegulani pulogalamu yanu ya maakaunti, pitani pa Help kapena About, ngati pakuoneka nambala ya laisensi muilembe m'kope.

Gogo_Linux
Bwanji osangoika Linux Mint m'malo mwa Windows? Makina a m'badwo wa 6 amathamanga bwino kwambiri, ndipo simuvutika ndi laisensi.

Tsabola265
Agogo afika.

Gogo_Linux
Sekani, koma Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo) ndi purosesa ya Intel kuyambira m'badwo wa 8. Laputopu ya amayiwa ndi ya m'badwo wa 6, siili pa mndandanda. Ndiye mukuwathandiza kusamutsa chinthu chomwe masiku ake atha.

Kanyimbi_IT
Zomwe mwanena za masikuwo n'zoona agogo. Koma pulogalamu yawo ya maakaunti ndi ya Windows, madalaiva a printa ndi a Windows, ndipo makasitomala amabweretsa mafayilo a Word omwe amafuna atuluke papepala ndendende momwe anawalembera. Munthu wa bizinesi sangasinthe zonsezi sabata imodzi. Komanso pali ndondomeko ya ESU yomwe ikupatsa Windows 10 ya 22H2 (version yake yomaliza) ma update a chitetezo mpaka 13 Okutobala 2026. Asamuke kaye, makina apume, za Linux kapena laputopu ina aganize modekha.

Gogo_Linux
Chabwino. Koma clone yakeyo mupangira Clonezilla, yomwenso ndi Linux.

Kanyimbi_IT
Apa ndiye ayi, ndipo ndifotokoze chifukwa chake, poti ambiri amakodwa pomwepa. Clonezilla ndi yabwino, ndi yaulere, ine ndimaigwiritsa ntchito disiki yatsopano ikakhala yofanana kapena yaikulu kuposa yakale. Koma pochoka pa 1 TB kupita pa 256 GB imavuta. Iyo simachepetsa zigawo za disiki yokha. Mumayenera kuyamba mwachepetsa C: mu Disk Management, ndipo kawirikawiri Windows imakana kuchepetsa kufika pomwe mukufuna chifukwa cha mafayilo osasunthika monga pagefile, hiberfil.sys ndi ma restore point. Mungazimitse zimenezo, inde, mwachitsanzo polemba powercfg /h off mu Command Prompt. Koma vuto lina limatsalabe.

Disiki ya Windows ya pa makina a UEFI (BIOS yamakono) simakhala ndi C: yekha. Koyambirira kuli kachigawo ka EFI, kakang'ono, ka 100 MB kapena kupitirirapo, komwe kamasunga mafayilo oyatsira makina. Kenako kachigawo ka MSR ka 16 MB, kenako C:, ndipo nthawi zambiri kumapeto kwenikweni kuli Recovery. Mukachepetsa C:, Recovery uja amatsalabe kumapeto kwa disiki ya 1 TB, kutali ndi pomwe SSD ya 256 GB imathera. Munthu wozolowera akhoza kumusuntha ndi GParted, koma sindingatume amayiwa kuchita zimenezo pa disiki yomwe ili ndi bizinesi yawo yonse.

Chofunika ndi pulogalamu yomwe imachepetsa C: ikamakopera, osakhudza disiki yakale. Macrium Reflect imachita zimenezo: mumakoka chigawo chilichonse n'kuchiika pa SSD, n'kuuza C: kuti akwane pamalo otsala. Yaulere ija anaisiya, koma ilipo yoyeserera ya masiku 30, yomwe ikukwanirani pa ntchito ya tsiku limodzi. SSD ikakhala ya Samsung pali pulogalamu yawo yosamutsira, ikakhala ya Crucial kapena WD amapereka Acronis yaulere yomwe imagwira pokhapokha ikaona disiki yawo. Amayi, yanuyo ndi ya kampani iti?

Mayi_wa_Bureau
Dzina lake sindinalimvepo. Ndinagula pa kashopu kena ku Limbe, inali yotsika mtengo kuposa zinazo.

Wa_ku_Joni
Apo imani kaye amayi. Musanaikepo chilichonse, iyeseni. Kuno ku Johannesburg ndaonapo ma SSD olembedwa 1 TB koma mkati muli kamemory kochepa. Kompyuta imaonetsa kukula kwabodzako, mafayilo amaoneka ngati alowa, koma mukadzawatsegula mumapeza awonongeka. Sindikunena kuti yanu ndi yotero, zambiri zosadziwika dzina zimagwira bwino. Koma pali kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw komwe kamalemba disiki yonse mpaka kudzaza, kenako n'kuwerenganso kuti kaone ngati zomwe kanalemba zilipodi. Kamatenga nthawi, koma mukudziwa chomwe mwagula. Onjezani CrystalDiskInfo: imaonetsa maola omwe disiki yagwira ntchito. Yatsopano ikaonetsa maola masauzande, akugulitsani yakale.

Tsabola265
Izi ndiye ndikugwirizana nazo. Ma flash abodza adzaza m'tauni, SSD ingalephere bwanji.

Kalulu_Mzuzu
CrystalDiskInfo yomweyo muyang'anirenso hard disk yakaleyo. Kuchedwa kwa makina nthawi zina si ukalamba chabe, ndi disiki yomwe yayamba kufa. Ikalemba Good mu mtundu wabuluu, pitirizani. Ikalemba Caution mu wachikasu, makamaka pa mzere wa Reallocated Sectors kapena Pending Sectors, clone ikhoza kuima pakati. Zikatero musaivutitse ndi chkdsk (yofufuzira zolakwika pa disiki) kambirimbiri, yambani mwapulumutsa mafayilo ofunika.

Mphunzitsi_Dedza
Koma abale, kusiyana kwake n'kwakukuludi? Ine ndimaganiza kuti liwiro limachokera ku RAM.

Kalulu_Mzuzu
N'kwakukulu aphunzitsi. Hard disk ya laputopu imazungulira ka 5400 pa mphindi ndipo ikamawerenga fayilo imodzi yaikulu imafika cha m'ma 100 MB pa sekondi. SSD ya SATA imafika cha m'ma 550 MB. Koma phindu lenileni silili pamenepo. Windows ikamayaka imawerenga timafayilo masauzande tomwazikana, ndipo pa hard disk kamkono kowerengera kamayenera kuyenda kukafika pa kalikonse. SSD ilibe chosuntha, imangotenga. N'chifukwa chake mu Task Manager mumaona Disk ili pa 100% pomwe purosesa ikungokhala. Ngati RAM yanu ndi 4 GB onjezani, koma pa 8 GB chomwe chikukubwezani ndi disiki.

WakuChipata
Ine ndinagula ya M.2 NVMe poti akuti imafika 3500 MB pa sekondi, koma laputopu siikuiona n'komwe. Chavuta n'chiyani?

Kanyimbi_IT
M.2 ndi maonekedwe a polowetsera chabe. Pali M.2 ya SATA ndi M.2 ya NVMe, ndipo malaputopu ena akale polowetsera pawo pamalandira ya SATA yokha ngakhale ya NVMe ikukwanapo. Fufuzani buku la makina anu pa intaneti, lembani dzina lake lonse ndi mawu oti service manual. Mukapeza kuti ndi SATA yokha, kasintheni kapena igulireni kabokosi ka USB ikhale yakunja.

WakuChipata
Zikomo akulu. Ndiyamba ndayang'ana bukulo.

Mayi_wa_Bureau
Ndabwerera. H2testw yamaliza popanda cholakwika, ndipo maola a SSD ndi ochepa kwambiri. Hard disk yakale ikulemba Good. Zithunzi ndakopera pa disiki ya mchemwali wanga ndipo zikutseguka. Chingwe cha USB cholumikizira SSD ndapeza. Nkhawa yanga tsopano ndi magetsi. Akathima ntchito ili mkati, sindiwononga zonse?

Kalulu_Mzuzu
Clone imangowerenga disiki yakale, siifufutapo kanthu, ndiye singawonongeke ndi clone yoduka. Choipa chomwe chingachitike n'kuyambiranso. Komabe tchajani batire lidzaze, ndipo muzimitse Sleep kuti makina asagone. Chingwecho lowetsani pa USB 3.0, kawirikawiri mkati mwake ndi mwabuluu kapena pambali palembedwa SS. Pa USB 2.0 mumapeza cha m'ma 30 MB pa sekondi, ndiye 140 GB ikhoza kudya ola ndi theka. Pa USB 3.0 ikhala yochepera pamenepo.

Wa_ku_Joni
Chomwe chimawononga si magetsi, n'kusokoneza Source (disiki yochokerako) ndi Destination (disiki yokoperapo). Source ndi ya 931 GB, Destination ndi ya 238 GB. Werengani manambalawo kawiri musanadine. Mukazitembenuza, mufufuta bizinesi yanu ndi disiki yopanda kanthu.

Kanyimbi_IT
Chinanso musanayambe: BitLocker, loko wa Windows wotsekera disiki. Tsegulani This PC muone ngati pa C: pali chizindikiro cha loko. Ngati chilipo, pitani ku Control Panel, BitLocker, sungani kiyi yake ya manambala 48 papepala, kenako izimitseni mudikire imalize. Ndalandirapo makina omwe atasintha disiki anangofunsa kiyi imeneyo, mwini wake sakuidziwa, ndipo popanda iyo palibe katswiri angatsegule.

Mayi_wa_Bureau
Loko palibe. Ndiyamba madzulo ano ndikatseka.

Tsabola265
Ine ndikadali pa mawu anga. Windows ya zaka zambiri imakhala ndi zinyalala. Ndi flash ya 8 GB ndi Media Creation Tool, yopangira flash yoikira Windows, mumakhala ndi makina oyera.

Mphunzitsi_Dedza
Achimwene, mukuiwala bandulo. Windows yokha ndi yoposa 4 GB, kenako ma update, kenako Office, kenako madalaiva. Kwa ife akumudzi kuno netiweki imadukaduka, download ikafika pakati n'kuima. Si aliyense ali ndi Wi-Fi ya kuofesi.

Tsabola265
Apo mwanena zoona. Koma ISO, fayilo yoikira Windows, mumatenga kwa mnzanu, mumaika pa flash ndi Rufus.

Gogo_Linux
Kwa mnzanu amene waitenga kuti? Ma ISO ena oyendayenda m'ma flash anthu anawasintha, anachotsamo Defender, anaikamo zawo. Makina osunga maakaunti ndi ziphaso za makasitomala musaikemo Windows yosadziwika kochokera.

Kanyimbi_IT
Tsabola, pa makina odzaza mavairasi kapena omwe akungogwa blue screen ndimafomata ngati inu. Koma Windows ya amayiwa ilibe matenda, ikungochedwa ndi disiki. Ndipo clone simatseka njira yanu. Akaona kuti sizinasinthe, akhoza kufomata SSD ija mawa, hard disk yakale ikadali ndi zonse. Mukayamba ndi kufomata disiki yomwe muli nayo, kubwerera kulibe.

Mayi_wa_Bureau
Clone yamaliza, yalemba kuti zatheka. Zigawo zonse zinayi ndinazikokera pa SSD monga munanenera. Koma ndayesa kuyatsa laputopu kuchokera pa SSD ili pa chingwe cha USB, ikubwera sikirini yabuluu yolembedwa INACCESSIBLE BOOT DEVICE. Ndiyambirenso?

Kanyimbi_IT
Musayambirenso. Windows wamba siyakira pa USB, sinapangidwe choncho. SSD iyenera kulowa mkati. Zimitsani makina kwathunthu, chotsani chaja ndi batire ngati limachoka, tsegulani chivundikiro chapansi, masulani hard disk. Imakhala mu kachitsulo koigwira. Kachitsuloko kasamutsireni pa SSD, zomangira zake ndi zomwezo. Kokani mowongoka, musapinde polumikizira. Poyatsa koyamba hard disk yakale isakhale yolumikizidwa paliponse, ngakhale pa USB.

Kalulu_Mzuzu
Ndipo mu BIOS musasinthe kanthu. Ngati inali pa UEFI ikhale pa UEFI, ngati SATA inali pa AHCI ikhale pomwepo. Anthu amalowamo n'kusintha AHCI kupita ku RAID kapena kubweza, Windows n'kukana kuyaka ndi uthenga womwewo.

Wa_ku_Joni
Ndionjezere za ena omwe adzawerenge izi. Kasitomala wina anandibweretsera makina olemba 0xc000000e atapanga clone. Anakopera C: yekha, chigawo cha EFI anachisiya. Sipanafunike kuyambiranso. Ndinayatsira pa flash ya Windows, Repair your computer, Command Prompt, mu diskpart ndinapanga kachigawo ka EFI ka FAT32 n'kukapatsa chilembo S, kenako bcdboot C:\Windows /s S: /f UEFI. Chenjezo n'lakuti mkati mwa flash imeneyo Windows yanu ikhoza kuoneka ngati D: kapena E:, ndiye yambani mwaona ndi list volume.

Mayi_wa_Bureau
Yayaka! Abale inu, sindinayembekezere. Ndisanakhale pansi inali itafika kale pa password. Pulogalamu ya maakaunti yatseguka osafunsa kiyi, mafonti onse alipo, printa yasindikiza. Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu a Kanyimbi ndi a Kalulu. Tsopano hard disk yakaleyi ndiifomate kuti ndizisungiramo zithunzi?

Kanyimbi_IT
Musafulumire. Ikulungeni muisunge mu kabati milungu ingapo, mpaka mutseke maakaunti a mwezi uno pa SSD popanda vuto. Panopa disiki imeneyo ndi Windows yanu yachiwiri: SSD ikachita chilichonse, mumangoibwezeramo n'kupitiriza ntchito.

Mphunzitsi_Dedza
Sangangoilumikiza pa USB kuti aziona mafayilo, osafomata?

Kanyimbi_IT
Angathe, koma pali kanthu. Mapulogalamu ena a clone amakopera ndi nambala yomwe yozindikirira disiki. Windows ikaona madisiki awiri a nambala imodzi, yachiwiriyo imaiika Offline mu Disk Management. Mukadina Online imaipatsa nambala yatsopano, mafayilo amaoneka, koma mwina singadzayakenso yokha popanda kuikonza ndi bcdboot. N'chifukwa chake ndikuti aisiye kaye. Nthawi ikakwana, aifomate yonse, ndi tizigawo tating'ono tomwe, kuti makina asamasokonezeke poyaka.

Kalulu_Mzuzu
Ikadzafomatidwa, ngati laputopu yanu ili ndi DVD yomwe simuigwiritsa ntchito, pali kabokosi kotchedwa caddy kolowa m'malo mwa DVD, hard disk n'kukhala mkati. Amabwera a 9.5 mm ndi a 12.7 mm, ndiye yezani DVD yanu kapena pitani nayo kushopu. Koma zithunzi za anthu zikhale pamalo awiri. Disiki imeneyo ndi yakale, isakhale yokha yosunga maukwati a makasitomala.

Tsabola265
Ndipo musapange defragment (kusanjanso mafayilo omwazikana) pa SSD.

Kalulu_Mzuzu
Ndi mapulogalamu akunja aja, inde asatero. Koma Optimize Drives ya Windows aisiye yoyaka, chifukwa ikaona kuti ndi SSD imatumiza TRIM, yomwe imauza disiki malo omwe afufutidwa kuti isamachedwe polemba. Amayi, tsegulani Optimize Drives muone ngati pa Media type palembedwa Solid state drive. Kenako mu Command Prompt ya administrator lembani fsutil behavior query DisableDeleteNotify. Ikayankha 0, TRIM ikugwira. Komanso musaidzaze mpaka pakamwa, muzisiya 30 GB kapena 40 GB yopanda kanthu.

Mayi_wa_Bureau
Palembedwa Solid state drive, ndipo yayankha 0. Malo otsala ndi 96 GB. Hard disk ndaiika mu kabati.

Gogo_Linux
Zakhala bwino. Tsopano pitani ku Settings, Windows Update, muone ngati muli pa 22H2 ndipo mulembetse ESU ija. Imafuna akaunti ya Microsoft.

WakuChipata
A Kanyimbi, buku lija ndalipeza. Akuti M.2 SATA 2280 yokha. Mawa ndipita kukasintha. Ya 512 GB ikwana pa disiki yomwe ili ndi zinthu za 300 GB?

Kanyimbi_IT
Ikwana, idzaoneka ngati 476 GB. Kwa inu chingwe cha USB sichifunika: ilowetseni mu M.2 hard disk ikadali mkati, pangani clone, kenako chotsani hard disk musanayatse koyamba.